Kanyumba Kobiriwira ka Ana Osochera

Chaka chimenecho ndinataya izi.

Mkazi wanga.
Zitenje zake zonse, zimene abale ake anagawana atakhala pamphasa.
Chibemba cha m'khitchini, chimene ankalankhula ndi mapoto akapsa mtima.
Fungo la mafuta ake atsitsi papilo. Linakhalapo milungu itatu.
Munthu wodziwa kumene makiyi ali.
Loweruka lomaliza la mwezi.

Pansi pa zimenezi panatsala malo a chinthu chimodzi, mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu, ndipo kwa miyezi itatu sindinkadziwa ngati nayenso ndidzamulembapo.

Loweruka lomaliza la mwezi linali la kupaki. Tinkakhala ku Chelstone mu Lusaka, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya eni malo, ndipo kuti tikafike tinkakwera minibasi ziwiri: yoyamba mpaka m'tauni, yachiwiri kutuluka nayo mbali ina ya mzinda, kumene nyumba zimayamba kutalikirana. Tisanatsike n'komwe tinkachiona chiwilo chachikulu cha mipando yolendewera chikuyenda pang'onopang'ono pamwamba pa mitengo. M'katimo munali mahatchi amatabwa ozungulira motsatira nyimbo, timagalimoto togundana, akatungwe, ndi dziwe la ana la madzi olekeza m'mawondo, la nsomba zojambula pansi pake. Ine ndinakulira ku Kabwata, kwa bambo amene sankamvetsa zoti munthu n'kulipira kuti azungulire malo amodzi. Hatchi yamatabwa ndinayikwera koyamba ndili ndi ndevu ndi pepala la kukoleji, mkazi wanga akuseka mpaka kugwira m'nthiti.

Iyeyo sankakwera kanthu. Ankati mutu wake unazungulira kokwanira tsiku limene anandivomera. Malo ake anali benchi ya pansi pa jakaranda, moyang'anana ndi mahatchi. Ankakhala pamenepo ndi chikwama cha mpunga ndi nkhuku, botolo la thobwa la munkoyo, ndi nsapato zathu zitandandalikidwa pafupi ndi mapazi ake. Ntchito yake inali kukweza dzanja nthawi iliyonse imene tadutsa. Hatchi ikazungulira kakhumi, dzanja linkakwera kakhumi.

Pafupi ndi geti panali kanyumba kopaka utoto wobiriwira, ka zenera limodzi, ka chimkuzamawu padenga. Kumeneko n'kumene ankapita ana osochera. Mwana ankatchula dzina la kholo lake, mayi wa m'kanyumbamo n'kuliitana kuti paki yonse imve, ndipo posakhalitsa kunkatulukira munthu akuthamanga, nsapato imodzi ili m'manja. Mkazi wanga anali mphunzitsi wa ana aang'ono, ndiye sankasiya chinthu kuti chichitike chokha. Tikangolowa pageti ankagwada, n'kumugwira mwana mapewa.

"Ukanisowa, uzayenda kuti?"

"Ku kanyumba ka gilini."

"Uzakamba chani?"

"Zina la amami lonse."

"Nanga ine nizachita chani?"

"Muzabwela."

"Nizabwela. Olo nili kutali bwanji, nizamva, nizabwela."

Ankachita zimenezi mwezi ndi mwezi, mawu omwewo, mpaka ine ndinkawatsiriza ndisanafunsidwe, iye n'kundimenya ndi chipewa cha mwana. Mwanayo sanasocherepo ngakhale kamodzi.

Za matenda a mkazi wanga sindilemba. Anayamba kudandaula mutu mu Meyi, ndipo pakati pa Juni tinali titachoka kale kumanda.

Kwawo ndi ku Luapula, ngakhale kuti anakulira ku Kitwe. Tsiku lotsatira maliro abale ake anakhala pansi pa tenti pabwalo, nagawana zovala, kenako amalume ake anandiitana. Analankhula mofatsa. Anandipatsa kansalu kakuda koti ndizikabaya pamalaya, pamwamba pa thumba. Anati mpaka tsiku limene iwo adzabwere kudzandimasula, ndisaoneke kuukwati, kumowa, kapena malo alionse a chisangalalo, chifukwa mwana wawo anali akadali pa ine. Pomaliza ananena za mdzukulu wawo. Anati kwawo mwana ndi wa kuchikazi. Abale anga sanatsutse, pakuti kwathu kum'mawa n'chimodzimodzi. Anagwirizana kuti mkulu wake wa mkazi wanga atsale nafe mpaka sukulu itatseka mu Disembala, aone ngati mwamuna yekha angalere mwana wamkazi. Akaona kuti sizikuyenda, mwanayo apita naye ku Kitwe.

Anagwirizananso chinthu china, ndipo ine ndinavomera. Mwana sanapite kumanda. Masiku a maliro anakhala kwa anzathu a kutchalitchi, ndipo atabwerera anauzidwa kuti amayi ake apita kutali. Ndinkadziwa kuti si bwino. Ndinali nditawerengapo kapepala kuchipatala konena kuti ana aziuzidwa zoona. Koma pamene mwanayo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kutali kwa basi?" ndinangogwedeza mutu kuvomera, n'kupita kukasamba kumaso.

Mlamu wanga sanali munthu wankhanza. Anasiya malonda ake a nsomba zouma kumsika m'manja mwa ena kuti adzakhale m'kachipinda kathu kochezera, kugona pamatiresi pafupi ndi firiji. Chovuta chinali chakuti ankayenda ngati mng'ono wake. Akatsokomola kukhitchini ndinkadzuka pampando ndisanaganize. Ankandiyang'anitsitsa pa chilichonse: mmene ndikuchapira kolala ya yunifolomu, mmene ndikupesera tsitsi, ngati ndaona kuti mwana sanamalize phala. Ntchito yanga ndi yoyeza malo, ku ofesi ina ku Longacres, ndiye tsiku lina atandipeza ndikugawa tsitsi la mwanayo mizere inayi yofanana ndendende, anaimirira pakhomo n'kupukusa mutu.

"Ba mulamu, uyu ni mwana, si puloti. Lekani kumupima."

Ndinaseka. Nayenso anatsala pang'ono kuseka, koma anakumbukira kuti ali pantchito yondiyesa.

Mu Ogasiti mwana anayamba kufunsa za kupaki. Sankalira. Loweruka lililonse m'mawa ankavala yekha diresi lake lachikasu, kuika nsapato pakhomo, n'kukhala pafupi nazo.

"Adadi, lelo tiyenda?"

Mlamu ndiye ankayankha. "Atate ako sibangayende ku masobela manje. Vula, uzadesa dilesi."

Ankavula. Loweruka lotsatira ankavalanso. Ine ndinkaganiza kuti akufuna mahatchi, ndipo zinkandipweteka kuti mwana amene walandidwa zambiri chonchi akulandidwanso hatchi yamatabwa chifukwa cha kansalu ka pamalaya anga.

Loweruka lomaliza la Seputembala mlamu anapita ku msonkhano wa amayi a chigwirizano ku Kaunda Square, wa tsiku lonse. Atangotseka geti, mwana anatuluka kuchipinda ali mu diresi lachikasu lija. Ndinakhala pang'ono ndikumuyang'ana, kenako ndinamasula kansalu kaja n'kukaika m'thumba la thalauza. Ndinadziuza kuti maola awiri okha, ndipo palibe adziwe.

Tinapeza paki ili ngati malo amene munthu umawaona m'maloto, odziwika koma osakhala bwino. Udzu unali utauma mpaka kuyera. Dziwe la ana linalibe madzi, ndipo maluwa a jakaranda anali atadzaza pansi pake, nsomba zojambula zija zikusuzumira pakati pa maluwawo. Theka la mahatchi linali litafunditsidwa matenti. Mabanja analipo, koma owerengeka, otalikirana, aliyense pansi pa mtengo wake. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndipo jenereta yawo inkatha kuyendetsa chinthu chimodzi chokha pa nthawi. Ankadikira anthu achuluke pamahatchi, n'kuwayatsa. Mahatchi akaima, n'kusamutsira mphamvu ku timagalimoto. Kenako ku chiwilo. Choncho chisangalalo chinkayendayenda m'pakimo ngati mlendo mmodzi wochezera nyumba zambiri, ndipo nyimbo inkaduka pakati pa liwu.

Bambo wachikulire woyendetsa chiwilo anatizindikira.

"Mwasowa, ba bwana! Ba madamu mwabasiya kuti lelo?"

"Sibanabwele," ndinatero.

"Bachita bwino, kulibe vokaona." Anakhala pa chitini cha mafuta n'kuloza paki yonse ndi chibwano. "Bantu bonse bathawila ku mamolo, ku mashopu yakulu yaja. Kuja kuli mphepo yozizila, malaiti sayenda, mwana ajumpa pa chibaluni, amai ake bali mu shopu. Kuno mwana akwela hachi, malaiti yayenda, hachi yaima. Mwana alila, atate bakalipa. Muganiza bazabwela futi? Ziwe banalitseka chifukwa cha kolela, mpaka lelo. Ine nili chabe na nkhunda."

Kuyambira tsikulo ndamva zifukwa zambiri zimene mabanja analekera kupita kumeneko. Anzanga ku ofesi amanena za magetsi, za fumbi, za kutalika kwa ulendo, ena amati ana anakula n'kuyamba kukonda mafoni. Zonsezo n'zoona. Koma ndaona kuti palibe amene amakumbukira ulendo wake womaliza. Palibe banja limene linaima pageti n'kutsanzika. Linangokhala Loweruka wamba, ana atatopa, wina atanyamula chikwama chopanda kanthu, osadziwa kuti sadzapondanso pamenepo.

Mwana anakana mahatchi. Anakana timagalimoto, anakana ayisikilimu. Anangogwira chala changa, maso akuyendayenda. Ndinaganiza kuti wachita manyazi ndi malo atasintha chonchi, ndiye ndinapita naye pansi pa chiwilo kuti tidikire nthawi yake. Chinali chitaima. Mipando yake inkagwedezeka pang'ono ndi mphepo, ndipo nditakweza maso kuyang'ana mpando wa pamwamba penipeni, ndinachoka pamalopo ngakhale mapazi anga sanasunthe.

Mkazi wanga anakwerapo chiwilocho kamodzi kokha. Mwana anali ndi zaka zitatu, ndipo tonse awiri tinanyengerera amayi ake mpaka anavomera, akulumbira kuti akafa adzatizunza. Tinakwera, iye atatsinzina, zala zake zitalowa m'mkono mwanga. Titafika pamwamba penipeni magetsi anazima. Nyimbo inaleka, chiwilo chinaima, ndipo kunagwa bata loti ndinkamva nkhunda pansi pathu.

"Bashi mwana, chachitika n'chani?" Ankanditchula choncho, mwa kwawo, kutanthauza bambo wa mwana.

"Malaiti."

"Mayo! Musaniuze. Olo niuzeni. Muona chani?"

Ndinayamba kumuuza. Nyumba zazitali za m'tauni zitaima mu nkhungu ya fumbi ngati zilibe maziko. Ku Woodlands ndi ku Kabulonga utoto wa jakaranda utayalidwa ngati nsalu yoyanika. Malata a m'makomboni akuthwanima, utsi ukukwera mowongoka malo atatu. Kutali, kum'mawa, thanki ya madzi ya ku Chelstone, yaing'ono ngati bowa. Ndinamuuza kuti ndikuona nyumba yathu, ndi malaya anga pachingwe.

"Boza," anatero, n'kutsegula maso kuti anditsutse.

Sanatsinzinenso. Mphepo inkamukweza mpango. Mwana anali atagona pachifuwa pake.

"Kanshi Lusaka ni mitengo," ananena motsitsa. "Ine nenze kuganiza ni fumbi chabe." Kenako anatsamira paphewa langa. "Bauzeni basayashe malaiti. Tinkhale kuno."

Anatitsitsa amuna anayi, akuzunguza chiwilocho ndi manja, mpando umodzi umodzi, ndipo mzinda unkamira pang'onopang'ono kuseri kwa mitengo.

Nditatsitsa maso, chala changa chinalibe munthu.

Ndisanatembenuke n'komwe, chimkuzamawu chinakhosomola. Icho sichinkadalira jenereta, chinali ndi batire yake. Mawu a mayi anamveka paki yonse, ndipo anatchula dzina la mkazi wanga. Lonse, loyamba, la kwa bambo ake, ndi langa kumapeto. Ndinali ndisanalimve likutchulidwa choncho chichokereni kumanda, pamene abusa analiwerenga papepala.

"Mwana wanu ali pa kanyumba ka gilini. Bwelani mumutenge."

Ndinene zoona: sindinathamange. Ndinatembenukira ku benchi ya pansi pa jakaranda. Panalibe munthu, maluwa okha akugwa limodzi limodzi pamatabwa. Ndinayang'ana njira yochokera ku dziwe, kenako yochokera ku zimbudzi, kenako ya ku geti. Patali mayi wina wa mpango woyera anaimirira n'kukutumula chitenje, ndipo ndinamuyang'anitsitsa mpaka iye atawerama kunyamula khanda limene silinali lathu. Ndinali munthu wamkulu, wophunzira, amene ndinaponya dothi pabokosi ndi dzanja langa. Koma ndinaima pamenepo padzuwa ndikudikira kuona mbali imene atulukire, ndipo sindikudziwa kuti panapita mphindi zingati.

Mwana ndinamupeza atakhala pampando wautali m'kanyumbamo, mawondo pamodzi, manja pamiyendo, ngati mmene amayi ake ankamukhazikira kutchalitchi. Mayi wa pazenera anali wonenepa, wa magalasi, akuluka kachipewa.

"Ni banu aba?" anandifunsa akuseka. "Bakamba ati sibafuna imwe, bafuna amai bao. Bana ba masiku ano! Zina balidziba lonse, monga ba loya."

Ndinapisa m'thumba, n'kutulutsa kansalu kakuda kaja, n'kukaika pazenera pafupi ndi ulusi wake. Anakayang'ana. Anayang'ana mwana. Anaika zoluka zake pansi mwakachetechete.

"Ba anti," anatero mwana, "itanani futi. Sibanamve chifukwa cha jenereta."

Mayiyo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndikanayenera kukana. Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Anatuluka m'kanyumbamo, n'kuika manja pakamwa kukuwira bambo wa chiwilo kuti azimitse jenereta. Bamboyo anakweza manja kufunsa chifukwa, mayiyo anakuwanso, ndipo jenereta inatsokomola n'kuleka. Timagalimoto tinaima pamene tinali. Paki yonse inakhala chete ngati tsiku lija pamwamba. Mayiyo anabwerera, anakhala, anakoka mpweya, n'kuitana dzina lija kachiwiri, pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha. Linadutsa pamwamba pa dziwe louma ndi pa mahatchi ofunditsidwa, linakagunda mpanda wa kutsidya n'kubwerera. Anthu a pansi pa mitengo anatembenuka. Ena anayang'ana uku ndi uku, kuthandiza kufunafuna.

Tinadikira. Mayiyo anapatsa mwana kathumba ka mbuliwuli, koma anangokagwira. Jenereta inayambanso, nyimbo inapitiriza pamene inalekera, ndipo ife tinali pomwepo, mwana pampando, ine nditatsamira khoma. Mthunzi wa kanyumba unayenda mpaka unakafika pampanda.

"Adadi."

"Mwanawe."

"Amami banakamba ati olo bali kutali bwanji."

"Anatero."

"Manje bali kuti kwamene sibamva?"

Ndinagwada patsogolo pake monga mmene amayi ake ankagwadira, ndipo ndinamuuza. Sindinasankhe mawu okongola. Ndinati amayi ake anadwala kwambiri, anamwalira, tinawaika m'manda, ndipo sadzabwera, kuno kapena kunyumba. Ndinati sanamunamize, akanakhala kwina kulikonse kumene munthu amamva, akanabwera akuthamanga. Ndinati amene anamunamiza ndi ine.

Sanalire nthawi imeneyo. Anandiyang'ana kwambiri, kenako anakweza manja kuti ndimunyamule. Mayi wa magalasi anatiperekeza mpaka pageti, n'kundisisita pamsana kamodzi. Mwana analira mu minibasi yoyamba, mwakachetechete, nkhope ili m'khosi mwanga. Mu yachiwiri anagona.

Tinafika dzuwa likadalipo. Mlamu anali atakhala pakhonde, akadali mu yunifolomu ya chigwirizano, ndipo pambali pake panali chikwama cha mwana, chodzaza, chotseka. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anali kupaki ndi adzukulu ake. Anamva dzina, anationa, n'kuimba foni msonkhano uli m'kati.

"Mugonekeni mukati, mubwele," anatero mlamu.

Ndinamugoneka, ndinabwerera, ndinakhala pa sitepe.

"Kansalu kali kuti?"

Ndinagwira m'thumba. Ndinali nditakasiya pazenera la kanyumba kaja.

"Myezi itatu chabe, ba mulamu. Dothi likalibe kunkhala pansi pa manda, imwe muli ku mahachi. Bamalume banakamba na imwe monga munthu mukulu. Elo icho chingapite. Koma kuitana mufana wanga pa sipika? Kabili? Wakufa saitaniwa. Mufuna asagone? Mufuna azibwelela kuvutisa mwana?"

"Mwana ndiye anapita yekha ku kanyumba."

"Ku paki anazipeleka yeka?"

Ndinamuuza zotsalazo, chifukwa akanazimvabe: kuti kachiwiri ndinavomereza ndine, ndiponso kuti mwana tsopano akudziwa zonse.

"Mwamuuza." Anaimirira, n'kukhalanso. "Ndani anakupasani mphamvu? Ise tinapangana." Anaika dzanja pachikwama. "Mailo, kukacha chabe, tikwela basi. Sinizayembekeza Disemba."

Ndinayang'ana chikwamacho. Pazipi panali patapanikizika kamkono ka juzi yake ya kusukulu. Ndinkadziwa kuti ndikhoza kunena za malamulo, za makhoti, zoti bambo ali ndi ufulu. Ndinkadziwanso kuti ndikatero ndidzapambana mwina patapita chaka, mwana atakokedwa uku ndi uku ndi anthu onse omukonda. Za makhotizo ndinazisiya. Kunyumba ya eni malo wina ankathirira maluwa, ndipo fungo la dothi lonyowa linkafika pakhonde.

Patapita nthawi mlamu analankhulanso, koma mawu ake anali ena. Sanandiyang'ane.

"Ine sininamupeze. Basi inafika mochedwa, munaona mweka. Napeza bamuchosa kudala pa bedi." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya mpango. "Imwe ndimwe munaliko. Myezi yonse iyi nenze kuyopa kumufunsani. Anakamba chani pothela? Ngati anakambako za mwana, nizamvela mau ake. Osati anu, osati a bamalume. Ake."

Bodza linali lokonzeka kale pakamwa panga, lalifupi, losalala: anati mwana asachoke kwa bambo ake. Palibe akanatsutsa. Namwino anali pa bedi lina nthawi imeneyo, ndipo odwala oyandikana naye anali atatembenukira kukhoma. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Koma ndinali nditangochoka kumene bodza lina, lachifundo ngati lomwelo, linakhazika mwana pampando wautali masana onse. Ndinamuuza mawu enieniwo, monga mmene ananenedwera. Ndili m'kati mowanena ndinkamva kuti ndi opepuka, opanda lamulo, opanda chilichonse choti n'kugwira, ndipo ndinati mumtima basi, mwana wapita.

Mlamu anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anatulutsa kaphokoso m'mphuno, kaja ka mng'ono wake akafuna kubisa kuseka, ndipo misozi inatsika nthawi yomweyo.

"Ni yeve uyo," anatero. "Mpaka pothela akali kutuma bantu." Anaseka ndithu tsopano, akulira. "Mukananiuza vokoma, nikanaziba kuti mwanama. Mufana wanga sanali wa mau okoma." Anandiyang'ana koyamba chifikireni. "Nanga munachita vamene anakutumani?"

Ndinati ndinachita. Ndinati anamwalira m'mawa wa tsiku lotsatira, ndipo nthawi itayandikira ndinasiya mapepala a kuchipatala patebulo osamaliza kusaina, n'kupita. Ndinafika nthawi isanakwane.

Anakhala akugwedeza mutu. Dzuwa linali litafika pamapazi ake.

"Nchito anapasa imwe," anatero pomaliza. "Sanapase ine."

Anatsegula chikwama, n'kuyamba kutulutsa zovala chimodzi chimodzi, akuzipinda bwino pamiyendo ngakhale zinali zopinda kale. Atamaliza anandipatsa mulu wonse kuti ndikabweze ndekha m'kabati, n'kundiuza kuti ndipeze kansalu kena ndisanapite kutchalitchi, chifukwa iye sakufuna kumva pakamwa pa anthu.

Anakhala nafe mpaka Disembala monga mwa pangano. Anandiphunzitsa kuluka tsitsi, akundinyoza zala tsiku lililonse. Sukulu itatseka amalume anabwera, anandipaka ufa woyera pamphumi ndi m'mikono, anandimanga kamkanda koyera padzanja, nanena kuti ndamasuka. Mlamu anakwera basi ya ku Kitwe yekha, ndi thumba lake limodzi. Mwana amapitako patchuthi, ndipo amabwerera.

Kupaki sitinapitenso. Mwana sanafunsenso, ndipo diresi lachikasu linamuchepera. Ndimamva kuti chiwilo chimazungulirabe masiku ena. Anzanga ku ofesi akamakamba za malo aja, wina akandifunsa kuti nanga ife tinalekeranji, ndimati magetsi, ndipo onse amavomereza.

Mawu aja ananenedwa Lachinayi masana, nthawi yoona odwala. Kunkazizira, ndipo dzuwa la Juni linali litagona pansi pakati pa mabedi. Mkazi wanga anali atadya masipuni awiri a phala n'kutsinzina. Belu linalira loti alendo tizituluka. Ndinatseka kontena ya phala, ndinamukonzera bulangete kumapazi, ndipo ndinkaganiza kuti wagona. Nditatembenuka kuti ndizipita, anandigwira mkono wa jekete ndi zala ziwiri. Sanatsegule maso.

"Bashi mwana, mailo ni Lachisanu, kusukulu batuluka mwamsanga. Musachedwe kumutenga. Amalila akasala yeka pa geti."